Burashi yopakira thovu pometa ndevu: pure, best, super kapena silvertip?

aPhiri a ku Chinkhoma: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za maburashi opakira thovu. Alamu anga ali ku Johannesburg akufuna andigulire imodzi, ndiye anditumizira zithunzi za m'sitolo. Zonse zalembedwa kuti badger, koma ina ndi pure, ina best, ina super, ina silvertip, ndipo mitengo yake yatalikirana kwambiri. Ya silvertip ikuposa ya pure kangapo konse. Ndisankhe iti? Ndikufuna ndizimetera ndevu zanga, komanso makasitomala anga achikulire amene safuna makina koma lezala. Msika wa fodya ukatsegulidwa amabwera ambiri, ndipo ndimafuna azichoka atakhutira.

Kondwani wa ku Santhe: Badger yo si chiuli chomwe tili nacho kuno? Ngati ndi chomwecho, kuvutikiranji mpaka ku Joni? Anthu okhala m'malire mwa paki amaziona nyamazi.

Bambo a Tadala, Mtunthama: Ayi Kondwani, si chiuli. Ndi pachibale ndithu, banja lawo ndi limodzi, koma imene amatengako ubweya wa maburashi imakhala ku Ulaya ndi ku Asia. Imakumba mauna pansi ndipo nkhope yake ili ndi mizere yoyera ndi yakuda. Ubweya wa chiuli ndi wokhakhala, sungapangire burashi yabwino. Komanso usayerekeze kutuma munthu kukapha nyama m'paki ya Kasungu, umenewo ndi mlandu wolowa nawo kundende. Ku Britain nako nyamayi ndi yotetezedwa ndi lamulo la 1992. Ndiye chifukwa chake pafupifupi ubweya wonse wa maburashi amenewa umachokera ku China, ngakhale pachogwirira palembedwe England kapena Germany. Makampani a kumeneko amaitanitsa ubweya, ena amagula mtolo womangamanga kale, iwo n'kungouika m'chogwirira chawo.

Kondwani wa ku Santhe: Ndamva akulu. Ndimangofunsa.

Madala Mwale, Kasungu boma: aPhiri, inu muli pa Chinkhoma, ndiye mundimva msanga. Fodya wa phesi limodzi sakhala giredi imodzi: masamba a m'munsi, a pakati ndi a kumtunda amasankhidwa paokhapaokha. Ubweyawu ndi chimodzimodzi, umatengera mbali ya thupi la nyamayo ndi mmene wasankhidwira. Kusiyana kwake n'koti ku okushoni magiredi ndi odziwika kwa aliyense, pamene pa ubweya palibe bungwe limene linakhazikitsa kuti best ndi chakuti, super ndi chakuti. Kampani iliyonse imatchula mmene yafunira. Gwirani mawu amenewa kaye tisanapite patali.

Tsono mmene zimakhalira kawirikawiri ndi motere. Pure ndi ubweya wochuluka kwambiri pathupi la nyamayo, makamaka wa kumimba. Ndi wakuda kapena wotuwa, wonenepa, wolimba. Vuto lake lalikulu si kulimbako ayi, koma kuti opanga ambiri amaudula nsonga ndi makina kuti burashi ioneke yobulungira. Tsitsi la nyama mwachibadwa limapita likuonda mpaka kunsonga. Ukalidula, nsonga yoondayo yapita, patsala pobuntha pamene pamabaya khungu. Ndiye mukamva munthu akudandaula kuti badger imakanda, kawirikawiri anagula pure yodulidwa.

Best ndi ubweya wabwinoko, wautali, wowala pang'ono, ndipo opanga osamala saudula, amausanja ndi manja kuti mutu wa burashi ubulungire wokha. Imafewa kunsonga koma pakati imakhalabe ndi mphamvu. Super ndiye pamene pali chisokonezo. Kwa kampani ina ndi ubweya wofewa woposa best, kwa ina ndi ubweya wamba umene auyeretsa nsonga ndi mankhwala kuti ufanane ndi silvertip. Silvertip yeniyeni imachokera cha kukhosi, ndi yochepa pa nyama imodzi, nsonga zake ndi zoyera mwachibadwa, ndipo imasunga madzi ambiri zedi. Mukaipaka kumaso simumva kubaya ngakhale pang'ono.

Ine ndameta anthu kuyambira ndili mnyamata ndipo ndikukuuzani kuti tengani best. Silvertip simeta bwino kuposa best. Ndalama yowonjezerayo mukulipira kufewa, osati kumeteka.

Bambo a Tadala, Mtunthama: Madala, apo pokha ndisiyana nanu pang'ono mwaulemu. Kufewa si nkhani yachabe kwa munthu wa khungu lovuta. Ine m'khosi muno mumatuluka tiziphuphu ndikangometa, ndipo burashi yokanda imawonjezera kunyerenyetsa. Mwezi wa June kukamazizira, silvertip imasunga madzi ofunda mkati mwake, thovu limafika kumaso lidakali lofunda mpaka kupaka kachiwiri. Kwa ine chimenechi n'chachikulu.

Madala Mwale, Kasungu boma: Aphunzitsi, sindikukana kuti imakoma kumaso. Koma tiziphuphu timene mukunenato sitibwera chifukwa cha burashi. Ndevu zathu ndi zopotana. Ukazimeta mpaka pansi penipeni, tsitsi likamamera limapinda n'kubwerera kulowa m'khungu, thupi n'kutupa pamenepo. Mankhwala ake ndi kufewetsa ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, lezala lakuthwa, kumeta motsata kumene tsitsi lagonera, osakoka khungu, komanso osabwereza malo amodzi kambirimbiri. Ntchito ya burashi pamenepa ndi kulowetsa thovu pansi pa ndevu ndi kudzutsa tsitsi lomwe lagona. Pa ntchito imeneyo pamafunika burashi yokhala ndi msana, kutanthauza yolimba pakati, yosaphwasuka. Silvertip ina ndi yofewa mopitirira, mukaikanikiza imangophwasuka n'kumayenda pamwamba pa ndevu, pansi pali pouma. Munthu wa ndevu zothithikana ngati aPhiri sizimuthandiza.

Bambo a Tadala, Mtunthama: Zoona, koma kuphwasukako kumatengeranso mmene aimangira. Silvertip yothinana bwino, yaifupi, imakhala ndi msana ndithu.

Madala Mwale, Kasungu boma: Eya, apo tagwirizana. Ndipo yothinanayo ndi imene imadula kwambiri chifukwa imadya ubweya wambiri.

aPhiri a ku Chinkhoma: Zikomo akuluakulu. Pazithunzipa palinso manambala, ina 21 mm, ina 24 mm, ina 28 mm. Amenewa ndi a chiyani?

Bambo a Tadala, Mtunthama: Ndi kukula kwa mtolo wa ubweya pamene walowera m'chogwirira. Pamakhalanso nambala ina ya kutalika kwa ubweya kuchokera pachogwirira kufika kunsonga, nthawi zambiri pafupifupi 50 mm. Manambala awiriwa amasintha burashi kuposa dzina la giredi. Ubweya womwewo ukamangidwa waufupi umalimba, ukamangidwa wautali umalendewera. Pa nkhope ya munthu mmodzi, 22 mpaka 24 mm ndi yokwanira. Ya 28 mm imamwa sopo wambiri ndipo imachedwa kuuma. Mukaonanso ina yolembedwa two band kapena finest, musaidumphe. Ubweya wake uli ndi mitundu iwiri, wakuda pansi ndi woyera kumtunda, ndi wonenepa kuposa silvertip koma nsonga zake ndi zofewa. Imeneyo ndiyo ingayanjanitse ine ndi Madala.

aNgozo a ku Mchinji: Ndilowererepo pa nkhani ya zachinyengo, chifukwa ine ndimayenda ku Chipata kukatenga katundu wa m'saluni ndipo ndaona zambiri. Burashi yolembedwa silvertip koma mtengo wake wofanana ndi wa pure, dziwani kuti pali china chake. Ena amapaka utoto ubweya wa nguluwe kuti ukhale ndi mzere wakuda pakati. Ena ndi pulasitiki yeniyeni. Auzeni alamu anu achite izi m'sitolomo ngati awalola: aike chala pamwamba pa burashi. Ikakhala yosadulidwa, nsonga sizilingana ndendende ndipo sizibaya. Ayang'anenso mtundu. Ubweya weniweni umasintha mtundu pang'onopang'ono ndipo tsitsi lililonse limasiyanako ndi linzake, pamene wa utoto mzere wake umakhala wowongoka mofanana paliponse. Ikafika kunyumba, tsitsi limodzi likathothoka liotcheni ndi machesi. La nyama limanunkha tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa, la pulasitiki limasungunuka n'kupanga kampira kolimba.

Ndipo agule ya kampani yodziwika. Simpsons inayamba ku London mu 1919, Kent ndi ya mu 1777, Mühle ndi ya ku Germany kuyambira 1945. Makampani otere akalemba best amadziwa chimene akutanthauza, ndipo best ya Simpsons anthu ambiri amaiyamikira kuposa silvertip ya opanga osadziwika.

Nabanda, namwino: Pepani abambo, ndikuona kuti nonse mukukamba za kukoma kwa burashi, koma aPhiri anena kuti akufuna azimetera makasitomala. Apa ndiye pandidetsa nkhawa. Burashi imodzi pankhope za anthu ambiri ndi njira ya matenda. Chipere chimayenda choncho, zilonda za mafinya za m'ndevu zimayenda choncho. Ndipo lezala likatema munthu pang'ono, inu n'kubwezapo burashi kupaka thovu kachiwiri, magazi alowa mu ubweya. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposerapo. Lezala timasintha, aliyense lake, zimenezo ometa ambiri munazigwira bwino. Nanga burashi mudzaitsuka bwanji? Ubweya wa nyama sungauviike mu Jik, umathetheka. Simungauwiritse, ulimbo wa m'chogwirira umasungunuka. Sipiriti wopopera pamwamba safika mkati mwa mtolo, ndipo amaumitsa ubweyawo.

aPhiri a ku Chinkhoma: Mayi, mwandiyankhula pamtima. Ndiye kuti ndisiyiretu?

Nabanda, namwino: Osasiya achimwene. Ya badger ikhale yanu nokha ya kunyumba. Ya kushopu gulani za ulusi wopangidwa ku fakitale, zitatu kapena zinayi, kuti ina ikamagwira ntchito zina zikhale zotsukidwa zikuuma. Ulusiwo sumwa madzi mkati mwake, umauma msanga ndipo umapirira mankhwala ophera tizilombo kuposa ubweya. Njira ina yabwino koposa: burashi izingotakasa thovu m'kambale, osakhudza munthu, inu n'kumatapa thovulo ndi dzanja lovala gulovu kupaka kasitomala. Munthu akatemeka, burashi isayandikirenso.

Madala Mwale, Kasungu boma: Amayi anena zoona ndipo ndikuwathokoza. Kale tinkachita zimene tinkadziwa, koma masiku ano palibe chowiringula. Makasitomala anga ena okhazikika ali ndi burashi zawo, ndimawasungira m'kabati aliyense m'kachitini kake kolembedwa dzina, kotsegula pamwamba kuti mpweya uzilowa. aPhiri mungayambe zimenezo ndi alimi anu amene amabwera kawirikawiri. Munthu amanyadira kuona kuti ali ndi chake pashopu.

Che Saidi, pamsika: Salaam kwa nonse. Ndionjezere mbali imene anzathu ometa mumaiiwala. aNgozo atchula nguluwe. Burashi zambiri zotchipa zolembedwa boar kapena bristle ndi ubweya wa nkhumba. Ife Asilamu ambiri sitingalole chimenecho kumaso kwathu, ndipo zimapweteka kuzindikira pambuyo poti wameta kale. Si kuti ndikunyoza burashizo, ndikudziwa kuti za Omega za ku Italy ndi za Semogue za ku Portugal anthu amazikonda. Pempho langa ndi loti muzimuuza munthu musanamupake. Ine ndinasankha ya ulusi kuti mtima ukhale m'malo, ndipo imandipangira thovu lokwanira ndi sopo wochepa.

aPhiri a ku Chinkhoma: Che Saidi, zikomo. Makasitomala achisilamu ndili nawo, makamaka madalaivala a malole onyamula mabelo. Ndizisamala.

Kondwani wa ku Santhe: Kwa ife amene tilibe alamu ku Joni, ya nguluweyo ndi yabwino? Sindine Msilamu ndipo ndikufuna yanga ya kunyumba. Ndinayesa ya mnzanga inali yolimba kwambiri.

Madala Mwale, Kasungu boma: Mwana wanga, inali yatsopano imeneyo. Ubweya wa nguluwe umayamba wolimba, koma ukamagwiritsidwa ntchito nsonga zake zimang'ambika pawiri patatu, ndipo pakapita masabata angapo imafewa bwino kwinaku msana ukadalipo. Imafuna kuviikidwa m'madzi ofunda mphindi zingapo usanayambe chifukwa tsitsi lake limamwa madzi. Badger siifuna kuviika nthawi yaitali, imagwira madzi pakati pa tsitsi ndi tsitsi. Ukandifunsa pakati pa pure badger yodulidwa nsonga ndi nguluwe yabwino, ndikuuza kuti tenga nguluwe. Pure yodulidwa siidzafewa mpaka kalekale, nsonga zake zinapita.

Kondwani wa ku Santhe: Nanga nditapanga ndekha ndi mchira wa ng'ombe? Kuno kopherako ng'ombe michira imangotayidwa.

Nabanda, namwino: Kondwani, chonde usatero. Ubweya wa nyama wosaphikidwa ndi mankhwala ukhoza kunyamula matenda oopsa a ziweto otchedwa anthrax, ndipo tizilombo take timakhala zaka zambiri tisanafe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ubweya wa badger utasowa, asilikali a Britain ndi America anapatsidwa maburashi a ubweya wa kavalo wosatsukidwa bwino, ndipo ambiri anadwala anthrax kumaso ndi m'khosi kudzera m'mabala a lezala. Matendawa si a kutali, ku Zambia kuno anavuta mu 2023. Maburashi a m'sitolo a masiku ano ubweya wake umayamba waphedwa tizilombo ku fakitale. Wa pamalo ophera ng'ombe sunadutse m'menemo.

aNgozo a ku Mchinji: Za kavalo zikupangidwabe, kampani ya Vie-Long ya ku Spain imadziwika nazo, ndipo ubweyawo amameta ku chenjerere ndi kumchira kavalo ali moyo. Koma kuno sindinazionepo m'sitolo.

Bambo a Tadala, Mtunthama: Popeza mwatchula za nyama kukhala moyo, ndinene chinthu chimene chimandivuta ngakhale ndili ndi silvertip m'nyumba. Badger samumeta ngati nkhosa, amamupha. Mu 2018 bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA linatulutsa kanema wa mmene nyamazi zimasungidwira m'timakola ta waya ku China ndi mmene zimaphedwera, ndipo pambuyo pake kampani ya Procter & Gamble, eni ake a zometera za The Art of Shaving, inalengeza kuti isiya kugulitsa maburashi a ubweya umenewu. Yanga ndinagula ndisanaone zimenezo ndipo ndiisamala mpaka ithe, koma ina sindidzagulanso. Ulusi wa masiku ano si uja wolimba wa kale. Mühle ili ndi wake wotchedwa Silvertip Fibre umene anaupanga motsanzira ubweya weniweni, kunsonga n'kofewa zedi. Chimene umaperewera ndi kusunga madzi ndi kutentha, ndiye umafuna kuwonjezera madzi pang'onopang'ono pamene ukutakasa.

Madala Mwale, Kasungu boma: Aliyense aone ndi mtima wake pamenepo. Ine ndinganene kuti amene wasankha badger asagule zisanu zongodzionetsera. Imodzi yabwino yosamalidwa imakhala zaka khumi n'kupitirira.

aPhiri a ku Chinkhoma: Ndawalembera alamu kuti ayang'ane best kapena two band ya 24 mm ya ine ndekha, ndipo ndalama yotsala pa ija ya silvertip agulire za ulusi zitatu za kushopu. Koma Madala, kasamalidwe kake ndi kotani kuti ifike zaka khumizo? Madzi athu kuno ndi a pamjigo ndipo sopo sachita thovu msanga.

Madala Mwale, Kasungu boma: Madzi amenewo ndi amene amapha maburashi ambiri. Ali ndi mchere wa m'miyala umene umagwirana ndi sopo n'kupanga zoyera zomata patsinde pa ubweya. Zikaunjikana, tsitsi limauma n'kuyamba kuthyoka, inu n'kumati anakugulitsani yabodza. Mukatha kumeta, itsukuluzeni mpaka madzi atuluke oyera, makamaka mkati mwenimweni. Ifinyeni pang'ono ndi dzanja, osaipotokola, ikutumuleni, kenako ipukuteni mopepuka pathawulo. Pakapita miyezi ingapo iviikeni mphindi zochepa m'madzi ofunda othira viniga pang'ono, kenako muitsuke ndi shampu. Ngati mungathe kusunga madzi a mvula m'chigubu, thovu lake ndi lina.

Madzi akhale ofunda oti dzanja likhoza kupirira. A moto ochokera paketulo amapinda nsonga ndi kumasula ulimbo. Ndipo popaka musaikanikize mpaka chogwirira chifike pakhungu, nsonga zokha ndizo zimagwira ntchito. Anthu amene amaisindikiza kwambiri amaboola pakati, burashi n'kutsala ndi dzenje.

aNgozo a ku Mchinji: Muwachenjezenso za fungo, Madala. Ena amaitaya sabata yoyamba.

Madala Mwale, Kasungu boma: Eya. Yatsopano ikanyowa imanunkha nyama. Si kuti yaola. Itsukeni ndi shampu, mupange thovu kangapo m'dzanja n'kulitaya, fungolo limatha lokha pakapita masiku. Ithothokanso timatsitsi tingapo poyamba, osadandaula. Koma ikamathothoka tsiku lililonse mwezi wonse, ndiye kuti mtolo sunamatidwe bwino.

Kondwani wa ku Santhe: Ndimaona pazithunzi amazipachika mozondotsa pa kachitsulo. N'kofunika kugula kachitsuloko?

Bambo a Tadala, Mtunthama: Sikofunika kwenikweni. Ukaikutumula bwino, kuimika chagada kapena kuizondotsa imauma chimodzimodzi. Chofunika ndi mpweya. Osaitsekera m'kabati kapena m'chikwama idakali yonyowa, makamaka dzinja kuyambira December mpaka March, imachita chuku patsinde ndipo chikalowa sichituluka. Osaiyanikanso padzuwa la October pawindo, chogwirira chimang'aluka. Pamthunzi podutsa mphepo basi.

Nabanda, namwino: Ndipo ya munthu mmodzi ija ikhale ya munthu mmodzi ngakhale m'nyumba, aPhiri. Mwana wanu wamwamuna akayamba ndevu mudzamugulire yake.

Che Saidi, pamsika: aNgozo, mukadzapita ku Chipata mundiyang'anireko ya ulusi ya 24 mm, ziwiri. Ina ndi ya mchimwene wanga ku Nkhamenya. Ndikulemberani kumbali za ndalama.

aNgozo a ku Mchinji: Chabwino Che. Ndidzayamba ndakutumizirani chithunzi cha paketi kuti muwerenge nokha zimene zalembedwapo ndisanalipire.